Mudzi wopanda bwalo losesa: masabata atatu kwa Abanjar

Mwana wa ku Chikwawa:
Moni nonse abale anga pagulu pano. Ena mukudziwa kale kuti ndili ku Indonesia, mumzinda wa Banjarbaru, komwe ndikuphunzira za nthaka. Tchuthi chapitachi mnzanga wa m'kalasi ananditengera kwawo, kamudzi kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Martapura, kummwera kwa chilumba cha Borneo, chigawo chomwe eni ake amati Kalimantan Selatan. Anthu ake ndi Abanjar. Ndakhalako masabata atatu, ndipo zomwe ndaona zikundikanika kusunga ndekha.

Tinafika usiku pa boti. M'mawa mwake azana, kuitana kwa kumzikiti, atandidzutsa ndinatuluka kuti ndione bwalo. Bwalo kulibe. Simumva tsache, simuona fumbi. Nyumba zonse zaima pa nsanamira, zandandalikana m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mukasuzumira pakati pa matabwa a pansi mukuona madzi akuyenda. Kupita kwa aneba mumadzera pa timilatho ta matabwa totchedwa titian. Kumadzi kuli thandala la mitengo loyandama, amati batang. Posambira ndi pomwepo, pochapira ndi potsukira mbale ndi pomwepo, bwato amamangirira pomwepo, ndipo nkhani zonse za m'mudzi zimaphulikira pomwepo monga zimakhalira pa mjigo kwathu.

Chomwe chinandiimitsa mutu n'chakuti mtsinje wake umabwerera m'mbuyo. Ndinakhala pa batang n'kumayang'ana namasupuni, yemweyu wathu wa mu Shire, iwo amati ilung. Anali kutsetsereka kulowera kunyanja. Patapita maola angapo ndikuona namasupuni uja akubwerera chokwera mtunda. Dzikolo ndi lathyathyathya kwambiri moti nyanja yamchere ikafufuma imakankha madzi a mumtsinje, n'kukwera m'timitsinje ndi m'ngalande zonse, kenako n'kuphwanso. Tsiku ndi tsiku. Ulendo, kuchapa, kulowetsa bwato kumunda, zonse amayamba ayang'ana kaye madzi.

Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti madzi ndi mdani. Awa anamanga moyo wawo wonse modziwa kuti madzi abwera, ndipo sawathawa. Funsani chilichonse, ndiyankha zomwe ndaona.

Msodzi wa ku Kachulu:
Achimwene, nyumba za pamadzi si zachilendo kwa ife a ku Chilwa. Zimbowera zathu zija timamanga pa mabawe oyandama, munthu n'kukhala pakati pa nyanja miyezi osaponda mtunda. Kungoti ife timasiya mayi ndi ana kumtunda. Kodi awo banja lonse lili pamadzi? Nanga mabwato awo ndi ogoba ngati athu? Nsomba zake n'zotani?

Mwana wa ku Chikwawa:
Bambo a ku Kachulu, zimbowera ndinazikumbukira nditangoona nyumba yomwe amati lanting. Imeneyo ilibe nsanamira, yakhala pa zipika zikuluzikulu zoyandama, amangoimangirira ndi chingwe. Madzi akakwera nayo imakwera. Zatsala zochepa chifukwa zipika zotere zikusowa. Koma inde, banja lonse lili pomwepo, gogo ndi khanda lomwe. Mwana amayamba kusambira asanayambe sukulu.

Bwato laling'ono amati jukung. Pansi pake amagoba mtengo umodzi, n'kuuwamba pamoto kuti ukhanyuke, kenako n'kuonjezera matabwa m'mbali. La injini amati klotok, dzina lochokera ku kulira kwa injiniyo. Nsomba yomwe amainyadira ndi haruan, yaitali, mutu ngati wa njoka, yopirira kunja kwa madzi ngati mlamba. Ina ndi papuyu, kansomba kaminga komwe kamatha kukwawa pamtunda kufunafuna dziwe lina. Ali ndi mono wawo wansungwi, amati lukah, mukauona simungafunse ntchito yake. M'madambo amakumba maiwe otchedwa beje: madzi akamaphwa m'chilimwe nsomba zimathawira m'menemo zokha, mwini wake n'kudzangokolola. Zikachuluka amazifutsa. Papuyu wa mumtsuko wa mchere wambiri amati wadi, ndipo akathiramo mpunga wokazinga wosinja amati pakasam. Kachidutswa kamodzi kamatha mbale yonse ya mpunga.

Msodzi wa ku Kachulu:
Za beje zo ndazigwira. Chilwa akamaphwa timangoonerera matemba akufera m'matope.

Mayi a ku Lifuwu:
Mwanangu, iwe ukuphunzira za nthaka, tandiuza za mpunga. Madzi okwera ndi kutsika tsiku lililonse, mbande sizikokoloka? Nanga amagaula bwanji m'madzi?

Mwana wa ku Chikwawa:
Amayi, mwandikanda poyabwa. Sagaula ayi, ndipo chifukwa chake n'chimene chandichititsa kuwalemekeza anthuwa.

Pansi pa dothi la m'madambo awo pali mwala wa chitsulo ndi sulufule wosalala ngati ufa, m'mabuku timati pyrite. Ukakhala m'madzi ulibe vuto. Koma mukautembenuza ndi khasu kapena pulawo n'kukumana ndi mpweya, umatulutsa asidi. Madzi amachita dzimbiri, mpunga umafiira n'kupinimbira, nsomba zimafa. Ife izi timaziphunzira m'kalasi ndi timabotolo toyezera. Bambo ake a mnzangayu sanapite patali ndi sukulu, koma anatapa madzi m'ngalande ndi dzanja, kulawa, n'kundiuza kuti munda wa uko wawawasa, wina anakumba mozamitsa.

M'malo mwa khasu ali ndi chida chotchedwa tajak, chokhala ngati chikwakwa chachikulu cha mpini wautali. Amachiponya chopingasa m'madzi, chimasenga udzu ndi kachikamba kochepa chabe ka dothi. Udzu uja amausiya uvunde, amauunjika timilu tozungulira, pakapita nthawi amatitembenuza, kenako n'kuumwaza m'munda monse. Manyowa ake ndi amenewo.

Za mbande, amawokera kangapo. Poyamba amafesa pamalo okwera, amati taradak. Zikakula pang'ono amazizula n'kuziwokera potsikirapo, ampak. Kenako amazigawa n'kuziwokeranso, lacak. Pomaliza m'pamene amabzala m'munda weniweni, madzi a dzinja atayamba kuchepa. Pofika apo mbande ndi yaitali, yolimba, singamire, ndipo mbewu yochepa yabereka mbande zokwana munda waukulu. Mpunga wawo wamakolo amati Siam, wotchuka kwambiri ndi Siam Unus. Kuyambira kufesa mpaka kukolola imatha miyezi 8 kapena kuposerapo, kamodzi pachaka. Akuluakulu ena amakololabe ngala imodziimodzi ndi kampeni kobisika m'zala, ranggaman.

Ngalande nazo anakumba makolo awo ndi manja. Yaikulu yolumikiza mitsinje iwiri amati anjir, yochoka mumtsinje kulowa kuminda amati handil, ting'onoting'ono ta banja amati saka. Madzi akakwera amalowa abwino, akamaphwa amatuluka ndi asidi uja. Munda umadzitsuka wokha. Pa milambala yokwezeka pakati pa mpunga amabzalapo malalanje, nthochi ndi kokonati.

Mayi a ku Lifuwu:
Kuwokera katatu! Msana wa mzimayi umenewo. Ife kamodzi kokha timagona ndi mankhwala opaka. Koma za ngala imodziimodzi zandikumbutsa agogo anga, ankatero ndi kampeni. Nanga bwanji osabzala wocha msanga kuti azikolola kawiri?

Mwana wa ku Chikwawa:
Alangizi a boma amawalimbikitsa zimenezo, ndipo ena anayamba. Koma mpunga wamakonowo ndi waufupi, umamira, umafuna feteleza ndi madzi oyezedwa bwino. Komanso ukacha wekha pakati pa minda ya anzako, makoswe ndi mbalame zonse zimathera kwa iwe. Chachikulu n'chakuti Abanjar amakonda mpunga woyoyoka, wosamatirira, amati karau. Wofewa uja amati sakhuta nawo, ndiye pamsika Siam amakhala ndi mtengo wabwino. Zili ngati kuuza munthu wa ku Karonga kuti asiye Kilombero.

Wazaumoyo wa ku Bangwe:
Achimwene, zonse mwanenazi n'zokoma, koma ine funso langa ndi limodzi. Chimbudzi chili kuti? Ndinagwira ntchito m'matenti a kolera mu 2022 ndi 2023, ndinaona anthu akutha madzi m'thupi maola ochepa. Mukati amasamba ndi kutsuka mbale mumtsinje, mtima wanga wathamangira pomwepo.

Mwana wa ku Chikwawa:
Achemwali, sindikubisirani. Chimbudzi chachikale amati jamban, kanyumba ka matabwa kokhala pa batang pomwe paja, kotsegukira mumtsinje. Ndinaona mayi akutsuka mpunga, mamita ochepa kumtunda kwake kuli jamban. Zinandipweteka. Kale anthu anali ochepa, madzi okwera ndi kutsika ankakokolola zonse, ndiye sankaonapo vuto. Lero nyumba zathithikana, ndipo mwawonjezeka mapulasitiki ndi matewera otaya.

Boma lakhala likugwetsa zimbudzi zimenezi mu Martapura n'kumanga za m'nyumba. Koma dzenje simungakumbe, mukangokumba pang'ono mwapeza madzi, ndiye pamafunika thanki yotsekeka yomwe wosauka sangaikwanitse payekha. Kunyumba komwe ndinali ali nacho cha thanki, aneba awo alibe. Madzi akumwa amagula a m'zigubu kapena kutchera a mvula. A mumtsinje amawathira m'mitsuko ikuluikulu n'kuponyamo tawas, mankhwala ooneka ngati mchere wamiyala, matope n'kukhala pansi. Chilimwe chikatalika madzi amchere amakwera mtsinje, ndiye ngakhale tawas sathandiza.

Wazaumoyo wa ku Bangwe:
Kuyera kwa madzi si kufa kwa tizilombo. Chonde inuyo muziwiritsa.

Bambo a ku Mangochi:
Assalamu alaikum. Wanena za azana, ndiye kuti ndi Asilamu anzathu. Chondivuta kumvetsa ndi maliro. Ife timaika munthu ndi nsanda yokha, tsaya ligunde dothi. Kumalo koti ukakumba pang'ono wapeza madzi, amatani?

Mwana wa ku Chikwawa:
Wa alaikum salaam bambo. Ndi Asilamu, ndipo amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i monga ambiri a kwanuko. Chisilamu chinakhazikika kumeneku ndi mfumu yawo Sultan Suriansyah, ndipo mzinda wa Banjarmasin umawerenga zaka zake kuyambira 1526, nthawi ya mfumuyo. M'kamudzi kathu kaja muli kamzikiti ka matabwa, amati langgar, nako kali pa nsanamira. Madzulo ana amabwera pa jukung kudzaphunzira Qur'an.

Funso lanulo anakumana nalo kalekale. Shehe wawo wamkulu, Muhammad Arsyad al-Banjari, yemwe anabadwa mu 1710 n'kumwalira mu 1812, anaphunzira zaka zambiri ku Makka, ndipo atabwerera analoleza kuika maliro m'bokosi la matabwa lotchedwa tabala, poona mmene nthaka ya kwawo ilili. Mnzanga uja akuti poika agogo ake, manda anadzaza madzi akukumba, moti bokosi anachita kulipanikiza ndi mitengo kuti lisayandame. Manda a sheheyo ali ku Kalampayan, anthu amapitako mpaka lero, ndipo chithunzi chake chili pakhoma m'nyumba zambiri.

Bambo a ku Mangochi:
Masha Allah. Shehe wodziwa buku komanso wodziwa dothi la kwawo. Ndikawafotokozera anzanga Lachisanu.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, ndawerenga zonse modekha. Ndikuopa chinthu chimodzi. Mlendo amaona maluwa, mwini mudzi amaona minga. Masabata atatu ndi ochepa. Ndiponso ndikumva ngati ukufuna kunena kuti abale athu a ku Chigwa cha Shire akhale pomwepo, angomanga nyumba za nsanamira. Ine ndinaphunzitsa ku Nsanje zaka zambiri. Ndinaona makalasi atadzaza mchenga mpaka m'mawindo mu 2015. Maganizo amenewo akhoza kuphetsa anthu. Kodi Abanjar akowo madzi sanawapwetekepo?

Mbadwa ya ku Makhanga:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mawu oti samukani tawamva kuyambira tili ana. Kumtunda mukutiuzako kuli munda? Ku dimba timakolola chimanga, mbatata ndi nyemba mvula itakana dziko lonse. Njala ikavuta timakazula nyika m'dambo. Mukatichotsa kumadzi mwatichotsa pa mbale. Mnyamatayu asiyeni anene.

Mwana wa ku Chikwawa:
Aphunzitsi, mwanena zoona, ndipo ndisakhale ngati ndikugulitsa mankhwala ochiza zonse. Madzi anawapweteka. Mu January 2021 kunagwa mvula ya masiku angapo osalekeza, Martapura ndi mitsinje ina inasefukira, maboma ambiri a chigawochi anamira. Pulezidenti wa nthawiyo, Joko Widodo, atabwera kudzaona ananena kuti zoterezi zinali zisanachitike pa zaka 50. Mayi a mnzanga anandigwira dzanja n'kundionetsa mzere wakuda pakhoma la matabwa, wofika m'chiuno mwanga, m'kati mwa nyumba yomwe ili kale pa nsanamira. Anamanga thandala m'nyumba momwemo n'kukhala pamwamba pake masabata. Mbande zonse zinaola. Mitengo ya malalanje yomwe anaisamala zaka inauma. Pofotokoza anafika pena n'kungokhala chete, n'kumasisita khomalo.

Boma linati gwero ndi mvula yoposa muyeso. Bungwe loona zachilengedwe la WALHI linaloza migodi ya malasha ndi minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta zomwe zadya nkhalango kumtunda. Mukaima m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Barito mumaona zombo zafulati zitasenza malasha ngati mapiri, chimodzi pambuyo pa chinzake. Ine monga wophunzira nthaka ndikuti zonse ziwiri n'zoona: mvula inali yambiri, koma phiri lometedwa silisunga madzi. Ife a kumunsi kwa Mwanza ndi Ruo tikuidziwa nkhani imeneyo.

Kusiyana kwake n'kumene ndikufuna tonse tikuone. Madzi awo a tsiku ndi tsiku amabwera mwaulemu, pang'onopang'ono, pa nthawi yodziwika. Athu a Freddy anabwera usiku ndi miyala ndi mitengo. Nsanamira singaime pa njira ya madzi otero, ndipo apo aphunzitsi simukulakwa. Komanso iwo anali ndi ulin, mtengo wolimba ngati chitsulo wosaola m'madzi, ndi galam womwe amakhomera m'matope ngati maziko. Ulin umakula mochedwa kwambiri, pano wasowa ndipo wadula. Koma kuli malo kwathu komwe madzi amangofufuma n'kukhala, osathamanga. Kumeneko mawu a akulu a ku Makhanga ndi ofunika kuwamva, ndipo ine ndikufunsa: bwanji nkhokwe, khola ndi chipinda chimodzi osazikweza m'mwamba? M'boma la Hulu Sungai Utara, kumadambo a Danau Panggang, Abanjar amaweta njati zosambira. Masana zimadya udzu wa m'madzi, madzulo mbusa amazikusa ali pa bwato, n'kukwera pa khola la mitengo lokwezeka lotchedwa kalang. Abakha otchuka a Alabio amachokera dera lomwelo.

Mphunzitsi wopuma:
Apo tamvana pang'ono. Kweza nkhokwe, koma sukulu ndi chipatala zikhale kumtunda. Pamenepo sindisuntha.

Mbadwa ya ku Makhanga:
Sukulu ipite kumtunda, mwana azipita bwanji madzi akadzaza? Awo ana awo amapalasa okha. Ife mabwato atha, mitengo yogoba kulibe.

Achemwali a ku Joni:
Inu mwalimbana za madzi, ine ndikufuna za amayi. Ndinaonapo zithunzi za msika wa pamabwato. Ndi zenizeni kapena amangochitira alendo ojambula?

Mwana wa ku Chikwawa:
Achemwali, ndi zenizeni, ngakhale alendo achuluka. Msikawo uli ku Lok Baintan, pa Martapura pomwepo. Azakhali ake a mnzanga amagulitsako, ndipo tsiku lina ananditenga. Amayi otere onse amawaitana acil, kutanthauza azakhali. Tinanyamuka kuli mdima atangomaliza swala ya m'bandakucha. Jukung itadzaza nthochi, malalanje, masamba a chinangwa ndi timakeke tawo totchedwa wadai, m'mphepete mwa bwato munangotsala zala zinayi kuti madzi alowe. Iwo anakhala kumapeto, mwendo umodzi atapinda, nkhafi imodzi, osagwedezeka. Kumaso anapaka ufa wa mpunga wonyowetsa, pupur dingin, woteteza ku dzuwa, kumutu chipewa chachikulu ngati lichero chotchedwa tanggui, cholukidwa ndi masamba a nipah.

Kukamacha mabwato amatulukira m'timitsinje monse n'kukumana pakati. Msika wake suima malo amodzi, umayenda ndi madzi uku malonda akuchitika, ndipo dzuwa likangotentha wabalalika. Okhaokha amasinthana katundu popanda ndalama, amati bapanduk. Azakhali aja anapereka nthochi n'kulandira nsomba zouma.

Chinthu chimodzi chinandikhudza. Malonda akatha, wogulitsa amati "jual", kutanthauza ndagulitsa, wogula n'kuyankha "tukar", ndagula. Ngakhale pa kakeke kamodzi. Amati popanda mawu amenewo simunagwirizane ndi mtima wonse, ndipo zimachokera ku chiphunzitso cha Shafi'i chomwe chija. Nditaiwala, azakhaliwo anagwira bwato la wogulitsa osalisiya mpaka nditanena. Ulemu wawo uli ngati wathu: kwa wamkulu umadzitchula ulun, iye n'kumutchula pian, monga ife sitinena iwe kwa apongozi.

Koma amayi opalasa aja ambiri ndi achikulire. Msewu unafika kuseri kwa mudzi, ndipo nyumba zatsopano zikuyang'ana kumsewu, mtsinje zaufulatira, wasanduka kotayira zinyalala. Wogulitsa ndiwo amabwera pa njinga yamoto mpaka pakhomo. Mdzukulu wa azakhaliwo ali ku sekondale, njinga yamoto amaikwera bwino, koma jukung akuti imamuzungulira pamodzimodzi.

Achemwali a ku Joni:
Mtsikanayo musamuweruze. Nanenso ndinathawa mtondo ndi mtolo wa nkhuni. Gogoyo akudzuka usiku chifukwa alibe njira ina.

Mwana wa ku Chikwawa:
Sindikumuweruza achemwali. Msewu womwewo ndi umene umafikitsa mayi woyembekezera kuchipatala msanga, ndipo azakhaliwo ndi amene akumulipirira sukulu ndi ndalama za pa jukung. Ndinawafunsa ngati zimawadandaulitsa kuti mdzukulu sapalasa. Anati ayi, aphunzire akhale namwino. Kenako anaonjeza kuti mu 2021 msewu unamira pamodzi ndi njinga zonse, ndipo mpunga wa chithandizo unafika pakhomo pa mabwato a agogo omwewo. Bwato lawo amalimata phula chaka chilichonse.

Msodzi wa ku Kachulu:
Achimwene, mukabwererako mundijambulire beje, kuya kwake ndi mmene amatsekera kukamwa kwake. Ndikufuna ndiwaonetse anzanga ku doko tisanafike mwezi wa October.

Mayi a ku Lifuwu:
Ine undijambulire tajak, pafupi, pooneka mmene mpini walowera. Kuno kuli wosula makasu, ndikamuonetse.

Mwana wa ku Chikwawa:
Ndamva nonse. Andiitana kuti ndikathandize kukolola mu August. Tajak ili kale pakhonde pawo, ndikaiyeza ndi tepi. Za beje ndidzakwera basi mpaka ku Amuntai, kumadambo akuluakulu, chifukwa nthawi imeneyo madzi amakhala ataphwa ndipo adzakhala akukolola nsomba.